Kalata yotseguka kwa a Nduna ya Zaulimi: podzala mumabwera, pa sikelo timaima tokha

Olemekezeka a Nduna ya Zaulimi, a Nduna ya Zachuma, ndi inu nonse aphungu athu a ku Thyolo ndi ku Mulanje,

Ndikulemba kuchokera mbali ya ku Makwasa, pa msewu wopita ku Thekerani. Nkhani yomwe ndabwera nayo ndi ya thandizo la boma kwa alimi, lija kumudzi timangoti sabuside kapena makuponi. Ndisanapite patali ndinene kuti sindikupempha kuti mulithetse. M'mudzi mwathu muli agogo olera zidzukulu omwe popanda matumba awiri a feteleza aja chimanga chawo sichingafike ngakhale mwezi wa Ogasiti. Sindikupemphanso kuti muwonjezere matumba. Chomwe chimandisowetsa tulo ndi chakuti kuyambira 2005, pomwe malemu Bingu wa Mutharika, mwana wa kuno ku Thyolo, anayambitsa ndondomeko ya makuponi, boma lililonse limatipeza pa tsiku lodzala basi. Tsiku logulitsa likafika, tsiku lomwe thukuta la chaka chonse limasanduka ndalama kapena ngongole, mlimi amaima yekha kutsogolo kwa sikelo ya munthu wina.

Ndiyambe ndi thonje. Mwina mudabwa kuti munthu wa kumapiri a tiyi akulowerera bwanji za thonje, poti kuno kumazizira ndipo sitilima. Koma msewu wathu womwewu ukapitirira Thekerani umatsetsereka mpaka ku Muona, ndipo chigwa cha Shire ndi kwathu komwe: timakwatirana, timagulana nsomba ndi chinangwa, maliro timalira limodzi. Mlamu wanga amalima thonje kumeneko, ndipo ndakhala ndikuona ntchito yake ndi maso anga. Thonje si chimanga choti ukapalira kawiri umapuma. Ukadzala uyenera kupatulira, kupalira mobwerezabwereza, kuyendera munda kufufuza mbozi ndi nsabwe, kenaka kubereka mpope kumsana dzuwa la kuchigwa likuswa mtengo. Likaphulika, banja lonse limalowa m'munda kutola ndi manja, zala zikubayidwa ndi makoko ouma. Madzulo amakhala pamphasa kusankha loyera padera, lothimbirira padera, kuchotsa timasamba kamodzikamodzi, chifukwa kachitsotso kochepa kamatsitsa giredi. Akamaliza kukolola ayenera kuzula mitengo yonse ndi kuitentha kuti tizilombo tisagonere m'munda. Ntchito yonseyi imatenga miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, ndipo m'miyezi imeneyi thonje silidyedwa. Mwana akalira njala sungamuthyolere ngati mondokwa.

Ndiye tsiku la msika lifike. Unduna wanu, a Nduna, umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka chilichonse, ndipo timaimva pa wailesi. Koma wailesi sigula thonje. Chaka china mlamu wanga anadikira masabata msika utatsegulidwa kale pa pepala, ogula osaoneka. Thonje lili m'nyumba momwe mukugona ana, pafupi ndi moto, mbuzi zikufuna kulowa. Sukulu ikufuna fizi. Kunabwera mnyamata wa njinga yamoto ndi sikelo yake yokoloweka pamtengo, natchula mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa pa wailesi, ndalama zili m'manja. Mlamu wanga anagulitsa theka. Theka linalo anapititsa kwa kampani yomwe inamukongoza mbewu ndi mankhwala; atadula ngongole, anapatsidwa kapepala kuti ndalama zibwera. Zinabwera, inde, koma katapila yemwe anatenga podikira anali atabereka kale. Chaka chotsatira munda uja anadzalamo chitowe. Ndani angamudzudzule?

Boma lathu linayesapo kukweza thonje, ndipo nkofunika kukumbukira momwe zinayendera. M'chaka cha 2011/12 linaika K1.6 biliyoni pa mbewu, mankhwala ndi mipope ya alimi a thonje. Alimi anayankha, ndipo dziko linakolola matani pafupifupi 100,000. Patangopita zaka zochepa, zokolola zinagwa kufika pa kachigawo kochepa chabe ka chiwerengerocho. Mu 2013 munakhazikitsa lamulo la thonje lomwe linabweretsa bungwe la Cotton Council of Malawi, ndipo pambuyo pake munaloleza mbewu ya Bt yomwe imadziteteza ku mbozi. Zonsezi ndi zabwino, koma taonani kuti pafupifupi zonse zikukhudza kudzala. Mbewu ya Bt imabereka bwino, koma ndi yodula, ndipo mlimi amene wagula mbewu yodula ndi amene amapwetekeka kwambiri mtengo ukagwa. Makampani nawo amadandaula kuti akakongoza mlimi zipangizo, iye amakagulitsa kwa wina. Ndi zoona, zimachitika. Koma funsani chifukwa chake. Mlimi sathawa wogula amene wafika pa nthawi yake, ndi sikelo yolungama, ndi ndalama m'manja.

Tsono tiyeni tione kwa anzathu omwe timapikisana nawo pa msika wa dziko lonse, pakuti mtengo womwe mlamu wanga amauzidwa ku Muona suchokera ku Muona. Ku America, dera lomwe limalima thonje lambiri ndi Texas, makamaka maboma akumidzi ozungulira mzinda wa Lubbock. Mlimi wa kumeneko amalima maekala mazanamazana ndi makina, ndipo boma lake silimupatsa matumba awiri a feteleza. Limamuteteza pa mtengo. Mu 2018 aphungu a dzikolo anaika mtengo wotetezedwa wa masenti 36.7 pa paundi ya thonje losachotsa njere: mtengo wa pamsika ukatsika kupitirira pamenepo, boma limalipira kusiyanako potengera minda yomwe inalembetsedwa. Pamwamba pa apo boma limalipirako gawo lalikulu la inshulansi ya mbewu, kotero kuti chilala chikagwa mlimi sagwa nacho. Bungwe la Oxfam linawerengera kuti m'chaka cha 2001/02 alimi a thonje okwana 25,000 a ku America analandira madola 3.9 biliyoni kuchokera ku boma lawo. Munthu wotetezedwa chonchi amalimabe ngakhale mtengo ugwe, thonje limadzaza msika, ndipo mtengo umagweratu kwa ena onse.

Maiko ena sanakhale chete. Mu 2003 Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali anapita ku bungwe la zamalonda la WTO kukadandaula kuti alimi awo akuphedwa ndi thandizo limeneli. Brazil inali itasuma kale mu 2002, ndipo inapambana mlandu mu 2004, apilo nayo inagwera komweko mu 2005. Chomwe chinatsatira ndi chomwe ndikufuna muchimvetse, Olemekezeka. M'malo mosiya kulipira alimi ake, America inavomera mu 2010 kumalipira Brazil madola 147 miliyoni chaka chilichonse, ndipo mu 2014 inatseka nkhaniyo ndi madola 300 miliyoni. Ndiye kuti dziko lija linaona kuti kuli bwino kulipira mlimi wake ndi kulipiranso wodandaula, kusiyana ndi kumusiya mlimi wake yekha pa msika. Dziko lomwelo ndi ena olemera ndi amene amatilangiza ife kuti boma lisalowerere pa mitengo.

Sindikunena kuti titengere zonse za kumeneko. Ndalama zotere tilibe, ndipo ndondomeko yawo ili ndi chilema chachikulu: gawo lalikulu la ndalamazo limapita kwa eni minda ikuluikulu, amene ali nazo kale. Ife a ku Thyolo ndi Mulanje nkhani ya mwini munda waukulu kudyera pa msana pa wamng'ono sitichita kuwerenga m'mabuku. Agogo athu anagwira thangata pa maesiteti omwewa kuti apeze pomanga nyumba. Choncho mukamakamba za minda ikuluikulu ya makono ngati njira yopulumutsira ulimi, dziwani kuti kuno timamvetsera ndi khutu limodzi, linalo likukumbukira. Chomwe ndikutola kwa anthu a ku Texas ndi mfundo imodzi yokha: boma lawo limadziwa kuti ngozi yaikulu ya mlimi ili pa mtengo, ndipo limaika ndalama zake pamenepo.

Kuno kwathu mbewu yomwe inatiphunzitsa zimenezi mowawa ndi nandolo. Ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Chiradzulu palibe munda wa chimanga wopanda nandolo pakati. Safuna feteleza, amapirira chilala, amakonza nthaka, mitengo yake ndi nkhuni, ndipo amacha nthawi yomwe chimanga chayamba kutha m'nyumba. Cha m'ma 2015 ndi 2016 mtengo wake unakwera kwambiri chifukwa ku India kunali kusowa, ndipo aliyense anadzala, alangizi akutilimbikitsa. Mu Ogasiti 2017, nandolo ali pafupi kulowa pamsika, India inaika malire pa nandolo wolowa m'dziko mwake. Mtengo unagwa mpaka anthu ena anasiya nandolo akuthetheka m'munda, poona kuti waganyu wothyola ndi kupuntha adya ndalama yoposa yomwe thumba libweretse. Amene anatengera malata pa ngongole poyembekeza nandolo anagulitsa mbuzi. Chaka chimenecho makuponi a feteleza anabwera monga mwa nthawi zonse, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wa ku Capital Hill amene anaona kuti ngozi yagwa kwina. Mu 2021 boma linasainirana ndi India mgwirizano wotumiza matani 50,000 a nandolo chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Tinayamika. Koma mgwirizano wotere umapindulira amene ali ndi chilolezo chotumiza kunja ndi nyumba yosungiramo katundu ku Limbe. Mayi amene wasenza ndowa yake kupita pa Luchenza kapena pa Limbuli amakumanabe ndi venda yemweyo, sikelo yomweyo.

Za sikelo ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi nkhani yaing'ono pa maso panu koma ndi pomwe ndalama zathu zimathera. Mlimi amayeza kunyumba ndi ndowa, ndipo amadziwa bwino kuti ndowa zingati zimadzaza thumba la makilogalamu 50. Akafika pamsika, thumba lomwelo likoloweka pa sikelo, muvi uima pa 44 kapena 45. Akati atsutse, amuuza kuti nandolo wako ngwauwisi, kapena kuti tichotsepo kulemera kwa thumba, kapena kungoti amayi ngati simukufuna nyamulani. Anyamule apite kuti, atalipira kale njinga? Bungwe la Malawi Bureau of Standards lili ndi udindo woyeza masikelo a malonda. Kodi nchifukwa chiyani pa nyengo yokolola sipakhala sikelo imodzi yoyezedwa ndi boma pa msika uliwonse waukulu, pomwe mlimi angayezetse katundu wake asanakumane ndi wogula? Mtengo wa masikelo otere m'boma lonse la Thyolo sungafike pa mtengo wa galimoto imodzi mwa zomwe zimakuperekezani mukabwera kudzakhazikitsa ndondomeko ya feteleza.

Kale ntchito yoteteza mtengo inali ya ADMARC. Sindikufuna kuikometsa mopitirira. Akuluakulu amakumbukira kuti nayo inkagula motsika kwa mlimi wamng'ono nkumapindula kwambiri pogulitsa kunja. Komabe msika unalipo, pafupi, ndipo unkatsegulidwa. Masiku ano, ngakhale pambuyo pa kutsekedwa ndi kukonzedwanso kwa mu 2022, ndalama zogulira mbewu zimafika mochedwa, mlimi atagulitsa kale kwa mavenda. Zikatero amene amagulitsa ku ADMARC pa mtengo wabwino wa boma ndi venda uja. Ndalama ya misonkho yomwe inayenera kuteteza mlimi imathera m'thumba la amene anamudyera. A Nduna ya Zachuma, apa ndi panu. Ndalama yomweyo, ikatuluka mu Epulo m'malo mwa Seputembala, imagwira ntchito yosiyana kotheratu, ndipo simunawonjezerepo ngakhale tambala.

Nanga tiyi, mbewu yomwe ndimalima ine? Tiyi wakhala ku Mulanje kuyambira m'zaka za m'ma 1890, ndipo ndi imodzi mwa mbewu zomwe zimabweretsa ndalama zakunja zambiri m'dziko muno. Alimi ang'onoang'ono tinalowamo boma litakhazikitsa Smallholder Tea Authority mu 1967, ndipo panali nthawi yomwe tinali ndi fakitale yathu ku Mulanje. Zinthu zitasokonekera m'zaka za m'ma 1990, malipiro akuchedwa miyezi, ambiri tinayamba kugulitsa masamba ku mafakitale a maesiteti, ndipo ndi momwe zilili mpaka lero. Tiyi ali ndi khalidwe lake lomwe limamufooketsa mlimi pokambirana mtengo: sadikira. Ukathyola m'mawa, masamba awiri ndi kansonga, ayenera kuyezedwa pa shedi ndi kufika ku fakitale tsiku lomwelo. Thirakitala ikachedwa masamba amatentha m'dengu nkuyamba kufiira, ndipo kalaliki akawakana palibe kwina kopita nawo. Sungawasunge kudikira mtengo, sungawaphike ndiwo. Feteleza wa tiyi timatenga pa ngongole kwa ogula omwewo, nkumadula pa malipiro a mwezi ndi mwezi. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa feteleza unalumpha nthawi yomweyo, pomwe mtengo wa masamba unachita kukwawa pambuyo pa zokambirana. Tiyi amagulitsidwa ku okushoni ya ku Limbe ndi kunja pa madola. Ife timalipidwa makwacha. Pakati pa ziwirizi pali phindu lomwe mlimi wamng'ono saliona bwino, ndipo boma lomwe likanatha kukhala nawo pa zokambiranazo ngati mboni limangoonerera.

M'zaka zoyambirira za makuponi, thandizo linkafikako ku mbewu zogulitsa: alimi a fodya ankalandira feteleza, ndipo kwa kanthawi a thonje analandirapo mbewu ndi mankhwala. Kuyambira cha mu 2009 ndondomeko inatsamira pa chimanga. Ndikumvetsa chifukwa chake. Njala ya 2002 ndi ya 2005 sitinaiiwale. Koma ganizirani za malo athu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 ku Thyolo ndi oposa 680,000 ku Mulanje, ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino lili pansi pa tiyi, makademiya ndi bulugamu wa maesiteti. Mabanja ambiri ali ndi kamunda kosakwana ekala, kena kali pa phiri potsetsereka pomwe mvula imakokolola feteleza usiku umodzi. Matumba awiri aja, wokulitsa ndi wobereketsa, anawerengedwera munda wa ekala imodzi. Banja lotere, ngakhale litathira bwino chotani, silingakolole chimanga chodya chaka chonse. Limakhala moyo pogula chimanga, chambiri chochokera ku Mozambique kudzera pa Muloza, ndipo ndalama yogulira imachokera ku nandolo, tiyi, chinangwa, nanazi, mapeyala ndi ganyu. Kwa ife, mtengo wa nandolo ndiye nkhokwe. Mukauteteza mwateteza nsima.

Nchifukwa chake musadabwe mukamva kuti ena amagulitsa thumba lawo la feteleza wotsika mtengo. Pa wailesi mumawatcha osayamika. Ena ndi osayamikadi. Koma ambiri awerengera bwino lomwe: kamunda nkochepa, nthaka yatopa ndipo yachita asidi kotero feteleza sagwira monga kale, ndalama yowombolera matumba achita kukongola, ndipo venda waima panja pa depoti ndi ndalama zogulira chimanga cha lero. Mu 2020/21 thumba linali K4,495, ndipo ndondomeko yonse inapatsidwa ndalama pafupifupi K160 biliyoni. Pofika 2022/23 thumba linali K15,000 ndipo olandira anachepetsedwa. Anthu amagona pa depoti masiku, chiphaso cha unzika chili m'manja, akuuzidwa kuti netiweki yavuta, mpaka chimanga kumunda chafika m'chiuno. Ndalama zochuluka chonchi zikuyenera kufunsidwa ngati zikugwira ntchito yoyenera m'dera lililonse, osati kungowerenga matumba omwe atuluka.

Chomwe ndikupempha choyamba nchosavuta: kuponi ikhale ndi mtengo wake wa ndalama, ndipo mlimi asankhe yekha chomwe akufuna pa zipangizo zovomerezeka. Wa ku Kasungu atenge feteleza wa chimanga. Wa ku Muona atenge mbewu ya thonje ndi mankhwala. Ine nditenge feteleza wa tiyi kuti ndichepetse ngongole, mnzanga atenge laimu wokonzera nthaka. Wa ku Thekerani ndi Masambanjati atenge mbewu ya nthochi yopanda matenda. Anthu inu mukudziwa kuti dera limeneli linkadyetsa Blantyre yense nthochi, malole akutsika usiku ndi usana, mpaka matenda a chisaka anapha minda ya nthochi. Lero tikudya nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique pomwe akatswiri a kafukufuku wa zaulimi a pa Bvumbwe ali pakhomo pathu pomwepa. Kumupatsa munthu wa ku Thekerani feteleza wa chimanga chaka ndi chaka, osamubwezera nthochi yake, ndi kumusunga pa mzere wa olandira mpaka kalekale.

Chachiwiri ndi chomwe ndalembera kalatayi. Patulani gawo la ndalama za sabuside likhale thumba loteteza mtengo, ndipo muyambe ndi thonje, chifukwa ndi mbewu yomwe ili kale ndi kaundula wa alimi, misika yodziwika, ndi ogula ochepa okhala ndi ziphaso. Mtengo wa pa msika ukatsika kupitirira womwe munalengeza, boma liwonjezere kusiyanako kwa mlimi wolembetsedwa, molunjika pa foni yake, pa kilogalamu iliyonse yomwe wagulitsa pa msika wovomerezeka, mpaka pa mlingo womwe mlimi wa ekala imodzi kapena ziwiri angakolole. Wopitirira mlingowo adzionere yekha. Potero tipewa chilema cha ku America chija. Tiyerekeze chabe kuti chaka china pafunika kuwonjezera K100 pa kilogalamu, ndipo thonje logulitsidwa ndi matani 30,000. Ndalama yake ndi K3 biliyoni. Iyikeni pambali pa K160 biliyoni ija muone. Ndipo chaka chomwe mtengo uli bwino, boma silitulutsa kanthu. Zikayenda pa thonje, mubwere nazo ku nandolo kudzera m'makopaletivi.

Ndikudziwa zomwe alangizi anu anene. Adzati mavenda adzalembetsa ngati alimi, thonje ndi nandolo wa ku Mozambique adzawoloka malire kudzadya nawo, ogula adzatsitsa dala mtengo podziwa kuti boma liwonjezera. Mantha amenewa ndi oona, ndipo ife okhala m'malire timadziwa njira zonse zomwe katundu amadutsa. Koma kodi feteleza sawoloka malire lero? Kodi pa mndandanda wa makuponi sipanapezekepo maina a anthu omwe tinawaika m'manda kalekale? Mu 2022 K750 miliyoni ya feteleza inatumizidwa ku kampani ya ku Britain yodziwika ndi malonda a nyama, nkhani yomwe inachotsetsa nduna pa mpando. Palibe amene ananena kuti chifukwa cha zimenezo ndondomeko ithe, munati tikonze. Chinyengo cha pa thonje nchosavuta kugwira kusiyana ndi cha pa feteleza, pakuti munda wa thonje umaoneka, mlangizi angauyeze, ndipo kampani iliyonse imadziwa mabelo omwe yatulutsa. Za ogula otsitsa dala mtengo, chiphaso chawo chimachokera kwa inu. Amene wagula pansi pa mtengo wogwirizana popanda chifukwa chomveka, chaka chamawa asachione.

Palinso chifukwa china chomwe a Zachuma ayenera kuchikonda. Feteleza timagula ndi madola omwe tilibe. Thonje, tiyi ndi nandolo zimabweretsa madola. Njere za thonje zimatipatsa mafuta ophikira ndi chakudya cha ziweto. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre, yomwe inagulitsidwa mu 2003 nkukhala Mapeto, inkalemba anthu zikwizikwi, pomwe lero dziko lonse likuvala kaunjika ndi zitenje zochokera kunja. Simungadzutse mafakitale a nsalu mlimi wa thonje atathawira ku chitowe.

Chinthu chomaliza chomwe ndinachiona kwa anthu a ku America, ndipo chinandichititsa nsanje kuposa madola awo, ndi kuwonekera kwa ndalamazo. Bungwe lina la kumeneko, Environmental Working Group, limatenga ziwerengero za boma nkuziika pa intaneti, kotero munthu angathe kuona kuti boma lakuti lakumudzi linalandira zingati pa thonje chaka chakuti, ndi kuti olandira kwambiri ndi ati. Nchifukwa chake anthu a kumeneko amatha kukangana za chilema chija ali ndi umboni m'manja. Ife kuno mndandanda umadziwika ndi amfumu, mlangizi ndi a komiti, ndipo mudzi umagawanika chaka chilichonse chifukwa cha manong'onong'o. Amfumu amatukwanidwa pa maina omwe sanalembe iwo. Matani mndandanda wa olandira pa khoma la ofesi ya zaulimi ya dera lililonse ndi pa sukulu yapafupi, mwezi wathunthu zipangizo zisanabwere, pamodzi ndi chiwerengero cha matumba omwe atumizidwa pa depoti iliyonse ndi dzina la kampani yomwe yalipidwa kuti iwabweretse. Pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pomwe minda yambiri ku Mulanje ndi kuno inakwiririka ndi miyala ndi mchenga, tinaona mabanja omwe anataya zonse akusowa pa mndandanda pomwe ena osakhudzidwa ali pomwepo. Pepala lomatidwa pakhoma likanathetsa zambiri mwa izo tsiku limodzi.

Kwa inu aphungu athu, mawu anga ndi achidule. Pa kampeni nonse mumapikisana kutchula mtengo wa thumba la feteleza. Sindinamvepo mmodzi wa inu akutchula mtengo wa kilogalamu ya nandolo kapena ya masamba a tiyi m'Nyumba ya Malamulo ndi ukali womwewo. Bajeti ikubwerayi ikafika mu komiti ya zaulimi, funsani funso limodzi ndipo muumirire yankho la manambala: pa ndalama zonse zothandizira alimi, ndi zingati zomwe zidzafike kwa mlimi pa nyengo yogulitsa, ndipo zidzatuluka mwezi uti?

A Nduna, mwambo wokhazikitsa ndondomeko ya feteleza mumabwera chaka chilichonse, ndi matenti ndi magule. Chaka chino bweraninso kawiri, mosalengeza. Tsikirani ku Muona mu Juni pomwe thonje lili pamsika, ndipo mu Seputembala muime pa Luchenza tsiku la msika nandolo akugulidwa. Mutenge thumba limodzi lomwe mwaliyeza nokha ku ofesi, mumupatse mayi wina akakolowekere pa masikelo atatu osiyana, inu muli chapatali mukulemba manambala.

Ine wanu,
Mlimi wa tiyi ndi nandolo,
Makwasa, Thyolo